Nthambi za mabungwe a aphunzitsi zidzuke, Lusaka ili kutali

Mwezi uli wonse, malipiro a mphunzitsi wa boma asanafike m'manja mwake, pamakhala patacotsedwa kale kandalama ka bungwe la aphunzitsi limene iye analowa. Kandalama aka sikacedwa ndipo sikasocera panjira. Kaya mphunzitsiyo ali pa sukulu ya m'tauni ya Chipata, kaya ali m'cigwa ca Luangwa kumene galimoto sifika dzinja lonse, kake kamafika ku likulu la bungwe ku Lusaka pa nthawi yake. Funso limene tifunsa lero ndi lakuti, nanga cimene cimabwerera ku sukulu ya kumudzi n'ciani? M'malo ambiri yankho lake ndi citenje kapena sikipa ya pa 5 October, tsiku lokumbukira aphunzitsi, kenaka zii mpaka caka camawa.

Mlimi wina anganene kuti izi n'za anthu a malipiro, ife a khasu zitikhudza pati? Zitikhudza pa mwana. Mphunzitsi amene alibe pokadandaula amangonyamula katundu wake n'kupita, kapena amakhala pomwepo thupi lokha mtima uli kwina. Njira zonse ziwiri woluza ndi mwana wa mlimi, amene alibe sukulu ina yothawirako.

Mabungwe awa sanayambe dzulo. Aphunzitsi acikuda a mu Northern Rhodesia anapanga bungwe lao m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene mphunzitsi wakuda anali kulandira zocepa kwambiri poyerekeza ndi mzungu wogwira nchito imodzimodzi. Dziko litalandira ufulu mu 1964 bungwelo linayamba kuchedwa Zambia National Union of Teachers, ZNUT mwacidule, ndipo kwa zaka zambiri linali lokha, pakuti lamulo la nthawi imeneyo linali kufuna bungwe limodzi pa nchito imodzi. Malamulo a anchito atasintha m'zaka za m'ma 1990, khomo linatseguka. Aphunzitsi a kusekondale anapanga lao, SESTUZ. A kupulaimale nao anapanga lao, limene lero lichedwa BETUZ. Pambuyo pake kunabwera PROTUZ, NUPPEZ ndi ena. Sitinena kuti kucuruka kumeneku n'kolakwa, munthu ali ndi ufulu wosankha kumene afuna kulowa. Koma taonani zimene kwacita pa sukulu yaing'ono. Aphunzitsi asanu ndi atatu, mabungwe anai. Awiri uku, atatu uko, mmodzi yekha kwinaku. Denga la nyumba likadontha lidonthera onse mofanana, koma pokadandaula ali yense ayenda njira yake, ndipo a ku ofesi aona anthu awiri-awiri m'malo moona sukulu yathunthu.

Apa tisiyanitse zinthu zitatu zimene makolo ambiri amazisakaniza, cifukwa munthu akasakaniza amagogoda pa khomo lolakwika.

Pali mabungwe amene tachulawa, mayuniyoni. Nchito yao yaikulu ndi kukambirana ndi boma za malipiro ndi makhalidwe a pa nchito, ndiponso kuimirira membala akapezeka pa mlandu. Pali Teaching Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Iyi si yuniyoni ai. Ndiyo imalemba aphunzitsi m'kaundula ndi kupereka cilolezo cophunzitsira, ndipo ili ndi mphamvu yocilanda. Ndi iyo imene mu 2017 inapeza aphunzitsi mazana-mazana ali ndi mapepala abodza. Ndiye pali mabungwe a maphunziro, osonkhanitsa aphunzitsi a phunziro limodzi: ZAME ya ophunzitsa masamu, ZASE ya sayansi, LATAZ ya zinenero, ndi ena otero. Awa sakamba za malipiro. Akamba za kaphunzitsidwe, mmene mwana angamvere masamu a magawo kapena kuwerenga msanga.

Mayuniyoni ndi mabungwe a maphunziro onse anamangidwa ngati mtengo. Likulu lili pamwamba, pansi pake makomiti a m'zigawo, kenaka a m'maboma, mpaka kufika ku nthambi ndi kwa woimirira wa pa sukulu. Pa pepala zonse zilipo. Wakumpando alipo, mlembi alipo, msungi cuma alipo. Cimene tifuna kudziwa ndi cakuti anakumana liti, anakamba zotani, ndipo analemba pati.

Inu alimi anzathu cinthu ici mucidziwa bwino kuposa wina ali yense. Kuyambira pamene boma linayamba kugawa fataleza wotsika mtengo mu 2002, taona makopaletivu ambiri amene amabadwa mwezi wa fataleza ndi kufa matumba akangotsitsidwa. Ali ndi dzina lokoma, cidindo ndi buku la mamembala, koma sanagulitsepo limodzi ngakhale thumba limodzi la nshawa, sanaitanepo mlangizi, ndipo pa nthawi yokolola membala ali yense amakumana yekha ndi wogula wa sikelo yokhota. Taonanso makopaletivu ocepa amene amakumana caka conse, ndalama zao zimawerengedwa poyera, ndipo wogula akabwera amapeza mtengo umodzi m'mudzi wonse. Kusiyana kwake sikuli ku Lusaka. Onse awiri analembedwa pansi pa lamulo limodzi. Kusiyana kuli pansi pa mtengo wa mango pamene anthu amakhala kapena sakhala. Nthambi ya bungwe la aphunzitsi nayo ndi cimodzimodzi.

Atsogoleri a ku likulu adzayankha kuti nkhani ya malipiro siingakambidwe ku Vubwi kapena ku Nyimba, iyenera kukambidwa pamalo amodzi ndi boma lonse. Apo anena zoona, ndipo tiwayamikira pa zimene anapindula. Mwacitsanzo alawansi ya okhala kumidzi, imene ndi 20 pa 100 ali yense a malipiro, ndi ya okhala kutali kweni-kweni, 25 pa 100, sizikanabwera cifukwa ca kulira kwa mphunzitsi mmodzi. Koma cikalembedwa ku Lusaka, ndani aona kuti cafika? Ndani adziwa kuti sukulu yakuti inaikidwa pa mndandanda wolakwika, kotero kuti mphunzitsi woyenda maola anai pa njinga kukafika pa msewu wa tara alandira mofanana ndi mnzake amene aona tauni ali pakhomo? Mlembi wamkulu wa bungwe sangadziwe. Sanaponde kumeneko ndipo mwina sadzapondako. Wodziwa ndi wa nthambi, ndipo ngati iye ali cete, nkhaniyo yafera pomwepo.

Mpingo wathu uli ndi ciphunzitso cimene cigwirizana ndi nkhani iyi. Papa Leo XIII mu 1891 anateteza ufulu wa anchito wopanga mabungwe ao, pa nthawi imene ambiri anali kuwaona ngati oukira. Patapita zaka 40, mu 1931, Papa Pius XI anaonjezapo mfundo yakuti nchito imene gulu laling'ono lingathe kuigwira lokha, gulu lalikulu lisailande, koma lithandize laling'onolo kuigwira. Maepiskopi a m'maiko a kuno kum'mawa kwa Africa anatsata njira yomweyo m'zaka za m'ma 1970 pamene anaika miphakati patsogolo. Ali yense wa ife adziwa kuti wodwala m'mudzi amayamba kuonedwa ndi a mphakati, bambo mfumu asanamve n'komwe. Mfundo imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Likulu lisamange ndalama ndi mphamvu zonse m'thumba lake. Nayo nthambi isakhale manja lende kuyembekeza kuti a ku Lusaka abwere kudzakonza cimbudzi.

Tsono nchito ya nthambi ndi yotani masiku ano? Ndi yaikulu kuposa kale, cifukwa sukulu zasintha kwambiri m'zaka zocepa. Mu January 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu mpaka kumapeto kwa sekondale, ndipo ana amene anali kuweta ng'ombe ndi kugulitsa tomato anabwerera m'makalasi. Ici ndi cinthu cabwino, tisaciderere. Caka comweco boma linalemba aphunzitsi atsopano 30,496, ambiri a iwo n'kutumizidwa kumidzi. Koma ana anabwera msanga kuposa makalasi, ndipo aphunzitsi anabwera msanga kuposa nyumba. Mtsikana wakulira ku Kitwe, wangomaliza koleji, afika pa sukulu yopanda nyumba, apatsidwa kacipinda kosungiramo mabuku kapena abwereka kanyumba ka udzu kwa anyakwawa. Madzi ali pa dambo, netiweki ili pamwamba pa culu. Sabata yoyamba ayamba kale kufunsa za transifa. Kodi ndani amene amamulandira? Ndani amene amamuonetsa mmene alembere kalata yoti atsimikizidwe pa nchito, kapena kumene apite malipiro ake oyamba akacedwa? Akasowa womulandira, amalandiridwa ndi a ngongole.

Pa ngongole tiimepo pang'ono, pakuti ndi matenda amene adya aphunzitsi mwakacetecete. Makampani obwereketsa ndalama amakonda wanchito wa boma cifukwa zao amazitenga pa peyisilipi iye asanazione. Ngongole ya njinga yamoto, ina ya maliro, ina yolipira yoyamba ija. Pa peyisilipi pakadzaza, munthu atembenukira kwa a kaloba, amene amasunga khadi lake la ku banki monga cikole. Vutoli linakula kufikira kuti mu 2021 boma linayesa kulowererapo pa ngongole za anchito ake, koma njirayo sinapite patali. Mphunzitsi wotere pa 5 wa mwezi alibe kanthu. Mumamupeza ku dimba nthawi ya kalasi, kapena ayamba kugula soya kwa makolo a ana ake omwe pa mtengo wolira. Likulu lingalembe makalata kudandaula za ciwongola dzanja. Koma kukhala naye pansi munthu asanasaine ngongole yacitatu, kumuwerengera zimene zidzatsala, kuyambitsa kabanki ka aphunzitsi a m'zoni monga amai athu acitira m'magulu ao osunga ndalama, izi ndi za nthambi. Azimai osapita kusukulu akwanitsa kusunga bokosi la makiyi atatu caka cathunthu osasowa ngwee. Aphunzitsi angalephere bwanji?

Nkhani ya nyumba nayo ili ndi khomo limene nthambi zambiri sizinagogodepo. Ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, ndipo zakhala zikukwerabe. Zimene zimangidwe zimayambira ku makomiti a citukuko a m'mawadi. Kumeneko wopambana ndi amene wabwera ndi pepala lolongosoka. Mphunzitsi mmodzi akapita yekha kukapempha nyumba amaoneka ngati wodzikonda. Koma nthambi ikabwera ndi mndandanda wa zoni yonse, sukulu yakuti aphunzitsi 9 nyumba 2, sukulu yakuti ana akhala pansi giredi yakuti ndi yakuti, itagwirizana ndi komiti ya makolo ndi mafumu, akhansala sangaukankhire pansi pa tebulo. Anthu odziwa kulemba bwino kuposa onse m'wadi ndi aphunzitsi. N'zomvetsa cisoni kuti nthawi zambiri pa misonkhano imeneyi mpando wao umakhala wopanda munthu.

Tsopano tibwere ku mbali imene aphunzitsi ena sadzakondwa nayo. Nthambi imene iteteza membala pa ciri conse, ngakhale colakwa coonekeratu, ikudzikumbira dzenje. M'midzi mwathu si cinsinsi kuti alipo aphunzitsi ena amene amapita kukatenga malipiro Lacinai n'kubwera Laciwiri. Kale cifukwa cinalipo, banki inali kutali. Lero ndalama zitha kulowa pa foni. Alipo amene afika m'kalasi akununkha kacasu. Ndipo alipo, ocepa koma alipo, amene aononga atsikana opatsidwa m'manja mwao. Anzao a pa sukulu amadziwa zonsezi miyezi yambiri ofesi isanamve. Amaona, amanong'onezana, n'kukhala cete cifukwa ndi mnzao. Mlandu ukaphulika ndiye wa yuniyoni atulukira ndi cikwama kudzateteza. Kuimirira munthu kuti aweruzidwe mwacilungamo n'koyenera, ngakhale wolakwa ali ndi ufulu umenewo. Koma munali kuti pamene zinali kuyamba? Wa mowa ndi wojomba, anzake awiri atatu angathe kumubweza akali pafupi. Koma wogona ndi mwana wa sukulu si wokambirana naye ku nthambi. Umenewo ndi mlandu wa polisi ndi wa Teaching Council, ndipo wobisa wagawana nao mlanduwo. Boma linalola mu 1997 kuti mtsikana wobereka abwerere kusukulu, ndipo mu 2023 lamulo linathetsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ngakhale wa mwambo. Malamulo amenewa amafuna mphunzitsi amene makolo amukhulupirira. Mmodzi akaipitsa, aphunzitsi onse a m'zoni amalephera kutsegula pakamwa pa bwalo la mfumu.

Nafenso makolo tisadzione oyera. Timawakonda aphunzitsi pa nthawi yolemba kalata ndi yowerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a thonje, koma mbuzi zathu zikadya ndiwo zao timaseka. Timacotsa ana m'kalasi mwezi wopalira ndi wokolola, kenaka zotsatira za mayeso zikaipa timaloza cala ahedi. Pena mphunzitsi akalimbikira kuti mtsikana abwerere kusukulu, timamuopseza ndi za usiku mpaka athawe. Akulu-akulu akumbukira nthawi ya sukulu za misyoni pamene mphunzitsi ndi katekisiti anali munthu mmodzi, ndipo mudzi unali kumulimira munda. Nthawi imeneyo siidzabweranso, ndipo sitinena kuti zonse zinali bwino. Koma mudzi unali kudziwa kuti mphunzitsi ndi wao. Lero timati ndi wa boma, boma limuone.

Za mabungwe a maphunziro tinene mwacidule, ngakhale kuti ndi amene akhudza kalasi mwacindunji. Kuyambira mu 2025 dziko layamba kulowa pang'ono-pang'ono m'ndondomeko yatsopano ya maphunziro, mmene pulaimale idzathera pa giredi 6 ndipo sekondale iwerengedwa ndi mafomu. Mphunzitsi amene anaphunzira njira yakale afunika thandizo, ndipo msonkhano wa masiku atatu ku hotela, kumene kumapita munthu mmodzi pa boma lonse, sungakwanire. Njira yochipa ilipo kale. Sukulu zinagawidwa m'mazoni, ndipo kuyambira 2005, pamene zinayesedwa m'cigawo capakati mothandizidwa ndi a ku Japan, aphunzitsi adziwa kukonza phunziro limodzi pamodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenaka onse n'kukambirana pamene ana anasocera. Izi sizifuna alawansi. Zifuna coko, bolodi ndi masana amodzi. Nthambi ya ZAME kapena LATAZ imene imangodzuka pa nthawi yosankha opita ku msonkhano waukulu yaiwala cifukwa cake inabadwa.

Pempho lathu kwa atsogoleri a mabungwe ndi ili. Nenani poyera kuti pa kwacha ili yonse imene membala apereka, zingati zimabwerera ku boma lake ndi ku nthambi yake, ndipo zibwereredi. Madandaulo amveka kawiri-kawiri akuti mphunzitsi adulidwa ndi mabungwe awiri, lina limene sanalowemo kapena analisiya kale. Zotere zikonzedwe pa boma pomwepo, munthu asagulitse mbuzi kuti apeze ya basi yopita ku Lusaka kukatsata ndalama yocepa kuposa mtengo wa tikiti. Masankho a m'nthambi acitike pa nthawi yake. Wakumpando amene wakhala zaka khumi osaitana msonkhano sali wakumpando, ndi mlonda wa cidindo cabe.

Kwa aphunzitsi a m'zoni imodzi tikuti, khalani m'mabungwe anu osiyana ngati mufuna, palibe wokukakamizani kusiya. Koma kamodzi pa temu khalani pansi nonse m'kalasi imodzi, a ZNUT, a BETUZ, a SESTUZ ndi ena onse, mulembe pepala limodzi la mavuto a zoni yanu, oimirira onse asaine, lipite ku ofesi ya DEBS ndipo lina likhale ndi inu. Temu yotsatira muyambe ndi kuwerenga pepala lomwelo, muone cimene cayankhidwa ndi cimene cikali.

Ndipo inu makolo, pa msonkhano wa PTA ukubwerawu, mukatha kukamba za njerwa ndi mcenga, wina aimirire afunse mwaulemu kuti oimirira mabungwe a aphunzitsi pa sukulu pano ndi ndani. Aimirire tiwaone nkhope. Muwafunse kuti ndi aphunzitsi angati apempha kucoka caka cino ndipo cifukwa cake n'ciani. Ngati ndi nyumba, mugwirizane tsiku lopita limodzi ku komiti ya wadi mapempho a CDF asanatsekedwe. Ngati ndi mbuzi, anyakwawa ali pomwepo, nkhaniyo ithe tsiku lomwelo.